Walira kapinga, walira malipiro

Mvula ikangogwa kawiri katatu, pakhomo sipachedwa kusanduka tchire. Kapinga yemwe adauma gwa mu Okutobala amadzuka mwamphamvu, chisoso ndi bonongwe zimamera mpaka m'mphepete mwa khonde, mpanda wa maluwa umatseka njira, ndipo ngalande ya kuseri kwa bafa imadzaza matope. Iyi ndiyo nyengo yomwe m'matauni mwathu, kaya ndi ku Balaka, Ntcheu, Mponela, Luchenza kapena Mchinji, mumamveka kugogoda pageti m'mamawa: "Odi kuno! Kaganyu kotchetcha kalipo, mayi?"

Ganyu wa tsiku limodzi sativuta. Timagwirizana mtengo, munthu atchetcha, tamupatsa zake, wapita. Nkhani imavuta ikafika polemba munthu wosamala panja nthawi zonse, woti azibwera sabata ndi sabata ndipo mwezi ukatha alandire. Apa ndi pomwe ambirife timapunthwa. Ena timaona ngati kulemba munthu wotere ndi chinthu chochititsa manyazi. Ena timamulemba ndithu, koma ikafika nthawi yolipira dzanja limauma. Ife tikuti maganizo onse awiriwa ndi olakwika, ngakhale kulakwa kwake sikofanana kukula.

Tiyambe ndi amanyaziwo. Banja lina likangolemba munthu wothirira masamba ndi kutchetcha kapinga, anthu oyandikana nalo sachedwa kunong'ona. "Ayamba chizungu amenewa." "Manja ali nawo, ana ali nawo, koma aganyali mbwee." Mayi wapakhomopo ndiye amasenza mawu ambiri, ati ndi waulesi, ati akuononga ndalama za mwamuna wake.

Koma taganizani za namwino yemwe wachezera usiku wonse m'wodi, kapena mphunzitsi yemwe akaweruka amakhala ndi mulu wa makope oti achonge. Taganizani za mayi wa geni yemwe amanyamuka kusanache kukapikula mbatata ndi kabichi ku Tsangano kapena ku Lizulu n'kubwerera dzuwa litalowa. Nanga agogo omwe ana awo onse ali ku Lilongwe ndipo msana sulolanso kugwira chikwakwa? Anthu amenewa akalemba wowasamalira panja, ulesi uli pati? Telala timamulipira pomwe singano tili nayo m'nyumba. Wakabaza timamulipira pomwe miyendo tili nayo. Palibe amatiseka. N'chifukwa chiyani khasu ndi chikwakwa zokha ndizo zikhale zochititsa manyazi kulipirira?

Pakhomo posamalidwa pali phindu looneka. Tchire likachoka, njoka ndi makoswe zimasowa pobisala. Ngalande zikatsegulidwa ndi maenje kukwiriridwa, madzi sadikha, ndipo udzudzu umasowa poswanirana. Kadimba ka mabedi anayi kapena asanu a mpiru, repu, anyezi ndi matimati kakhoza kuchepetsa ndalama zomwe banja limasiya kumsika tsiku ndi tsiku. Komanso ndalama yomwe yaperekedwa kwa wantchitoyo siyatayika: yakagula ufa, sopo ndi makope kukhomo lina m'tauni momwemo. Banja lomwe limadzisamalira lokha pakhomo, ana n'kumaphunzira kugwira khasu Loweruka m'mawa, likuchita bwino ndipo tikuliyamikira. Koma lisanyoze lomwe lasankha kulemba munthu.

Gulu lachiwiri ndilo likutidetsa nkhawa kwambiri. Awa ndi mabanja omwe kapinga wobiriwira amamufuna, maluwa oduliridwa bwino amawafuna, alendo akamayamikira amanyadira, koma wogwira ntchitoyo samuwerengera ngati wantchito. Mukawafunsa amati, "Aa, ameneyu ndi mnyamata wongotithandiza." M'mawu akuti kuthandizawo ndimo mwabisala chinyengo chonse. Wongothandiza alibe tsiku lolandira. Wongothandiza amapatsidwa mkute, malaya omwe bambo adawatopa nawo ndi nsapato zakutha chidendene, n'kuuzidwa kuti athokoze. Akalimba mtima n'kufunsa, yankho limakhala lomwe lija: "Dikira kaye, ifenso sitinalandire." Mwezi utha, wina ulowa, kenaka apatsidwa theka, lotsalalo ati tidzaonana.

Ntchito nayo siima pomwe adagwirizana. Adamulemba kuti azisamala panja, koma posakhalitsa ndiye wotsuka galimoto, wopita kuchigayo, wophikira agalu, wotsekera nkhuku, wotunga madzi mipope ikauma, ndipo banja likapita kumaliro ndiye mlonda wogona pakhonde. Pofika Novembala amukweza lole kuti akalime munda wa kumudzi. Ntchito zachuluka kasanu, malipiro ali pomwepo.

Mtundu wathu uyenera kukhala woyamba kuchita mantha ndi mchitidwe wotere, chifukwa tidauonapo. Mawu akuti thangata poyamba adali abwino, ankanena za kuthandizana pa ntchito pakati pa anthu a m'mudzi. Eni maesiteti a m'nthawi ya atsamunda, makamaka m'madera a Thyolo, Mulanje, Chiradzulu ndi Zomba, adatenga mawu omwewo n'kuwasandutsa goli: munthu wokhala pamalo a esiteti ankakakamizidwa kugwira ntchito m'malo mwa lendi, ndipo nthawi zambiri masiku ake ankangowonjezeredwa. Nkhanza zotere, monga zomwe zinkachitika ku Magomero, ndi zina mwa zomwe zidautsa mkwiyo wa John Chilembwe ndi anthu ake mu Januwale 1915. Thangata adathetsedwa mwalamulo mu 1962, ndipo mu 2021 Nyumba ya Malamulo idathetsanso ntchito ya utenanti. Nanga ife tikamagwiritsa munthu ntchito mwezi wathunthu n'kumulipira nsima ndi mawu okoma akuti akutithandiza, tasiyana pati ndi omwe timawadzudzula m'mabuku a mbiri ya dziko lathu?

Malamulo a dziko lino sadasiye kunja munthu wogwira ntchito pakhomo. Gawo 31 la malamulo aakulu a dziko limapatsa munthu aliyense ufulu wogwira ntchito motetezeka ndi kulandira malipiro oyenera. Lamulo la za ntchito la chaka cha 2000 lidaika maola 48 pa sabata ngati malire a nthawi yogwira ntchito, ndipo limati munthu asagwire masiku opitirira asanu ndi limodzi otsatizana osapuma tsiku lathunthu. Wogwira masiku asanu ndi limodzi pa sabata ayenera kupita kutchuthi cholipidwa cha masiku 18 pa chaka. Wolandira pamwezi sachotsedwa ngati nkhuku yolowa m'khitchini. Ngati sadapalamule mlandu waukulu ayenera kuchenjezedwa mwezi umodzi ntchito isanathe, apo ayi alipidwe ndalama za mweziwo.

Boma limaikanso malipiro otsikitsitsa. Mu 2021 a antchito a pakhomo adali K38,000 pamwezi. Mu Febuluwale 2024, patangotha miyezi yochepa kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, adakwezedwa kufika K52,000. Mu Juni 2025 adafika K72,800, pomwe a antchito ena adafika K126,000. Ziwerengero zimenezi zimasintha, choncho wolemba munthu ntchito afunse ku ofesi ya leba ya m'boma lake kuti adziwe zomwe zilipo pa nthawiyo. Koma tisaiwale kuti awa ndi malire a pansi, si mphatso. Kumayambiriro kwa 2025, malipirowa ali pa K52,000, thumba la chimanga la makilogalamu 50 lidapyola K70,000 m'misika yambiri. Ndiye kuti ngakhale bwana womvera lamulo ankapereka ndalama yosakwana thumba limodzi. Nanga uja wolandira theka, kapena wosalandira n'komwe, ana ake ankadya chiyani?

Chodabwitsa n'chakuti ntchito yomweyi timailemekeza ikagwiridwa kutali. Ndi mabanja angati ku Mangochi, Nkhata Bay ndi Mzimba omwe adakhoma malata ndi kulipira fizi ndi ndalama za achibale omwe amasamala kapinga ndi maluwa m'makomo a ku Johannesburg ndi Cape Town? Kumeneko, kuyambira mu Malichi 2022, malipiro otsikitsitsa a antchito a pakhomo, kuphatikizapo osamala panja, adafanana ndi a antchito ena onse, ndipo amawerengedwa pa ola. Mlongo wathu wa ku Joni akatiuza pafoni kuti bwana wake wamudula ndalama popanda chifukwa, timapsa mtima nyumba yonse. Tikatsitsa foniyo timatuluka panja n'kuuza wathu kuti adikire mwezi wamawa. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Pali njira ina yozembera malipiro yomwe tiyenera kuitchula poyera, ndiyo yotenga mwana kumudzi. Timalonjeza makolo ake kuti tikamuphunzitsa sukulu. Akafika m'tauni, anzake akamavala yunifolomu iye ali ndi kheni m'manja kuthirira masamba, akaweruka kusukulu ana apakhomo iye ndiye wowatsukira mbale. Lamulo la za ntchito lidaika zaka 14 ngati msinkhu woyambira kulembedwa ntchito, ndipo kuyambira mu 2017 malamulo aakulu a dziko amati aliyense wosakwana zaka 18 ndi mwana, woyenera kutetezedwa ku ntchito yomulepheretsa sukulu kapena kumuonongera thanzi. Kulera mwana wa mbale ndi chikhalidwe chathu chabwino, ndipo palibe choipa kuti mwanayo azigwirako tintchito tapakhomo limodzi ndi ana enawo. Koma ngati iye yekha ndiye wogwira chikwakwa pomwe anu ali m'kalasi, simukulera mwana, mwapeza wantchito waulere.

Ena amapeputsa malipiro ponena kuti ntchito ya panja aliyense angathe. Ayesere. Kudziwa kuti mbande za matimati zimawokedwa madzulo dzuwa litapepa, kuti manyowa osapsa amawotcha mbewu, kuti kuthirira masana dzuwa lili paliwombo n'kutaya madzi, kuti nthambi ya mango kapena ya papeyala imadulidwa pati ndiponso liti, zonsezi ndi luso. Kutchetcha bwalo lonse ndi chikwakwa mu Januwale, udzu ukumeranso m'mbuyo mwako, ndi ntchito yothyola msana. Amene adachokapo munthu waluso pakhomo pawo amadziwa momwe dimba limafera m'masabata awiri okha.

Tikudziwa kuti mabanja ambiri m'matauni mwathu nawo akulira. Malipiro a mphunzitsi, wapolisi kapena kalaliki safika pa 20, ndipo wabizinezi yaing'ono sadziwa kuti mawa agulitsa zingati. Koma yankho la thumba loperewera si kudyera munthu masuku pamutu. Yankho ndi kugula masiku omwe mungakwanitse. Pa mlingo wa mu 2025 uja, K72,800 ikagawidwa pa masiku 26 ogwira ntchito imapereka K2,800 pa tsiku. Bwalo la nyumba wamba silifuna munthu tsiku lililonse. Wobwera kawiri pa sabata amagwira masiku asanu ndi atatu kapena asanu ndi anayi pamwezi, yomwe ndi ndalama yosapitirira K25,200 pa mlingo wotsikitsitsawo, ndipo wokhoza kuwonjezerapo awonjezere. Makomo atatu oyandikana angathe kugwirizana kulemba munthu mmodzi, lililonse masiku awiri, munthuyo n'kupeza malipiro a mwezi wathunthu. Masiku omwe simudawalipire ndi ake, musamuitane kuti angobwerako pang'ono.

Gwirizanani zonse pa tsiku loyamba: ntchito zake ndi ziti, abwera masiku ati, aweruka nthawi yanji, alandira zingati ndiponso pa deti yanji. Lembani m'kope, nonse musayine, ndipo mwezi uliwonse asayinire zomwe walandira. Olipira kudzera pa Airtel Money kapena TNM Mpamba asunge uthenga wake, ndi umboni woteteza mbali zonse ziwiri nkhani ikafika ku leba. Chikwakwa, khasu, reki, wilibala ndi kheni ndi za mwini khomo, ndipo chikathyoka chifukwa chakutha si mlandu wa wantchito. Mukamutuma kupopera mankhwala a tizilombo, mupatseni jombo, magolovesi ndi chotchinga kukamwa ndi mphuno. Nsima ya masana ndi zovala zomwe mwamupatsa ndi ulemu wanu, musazichotsere pa malipiro.

Kwa inu achimwene ndi abambo ogwira ntchitoyi, nanunso muli ndi mbali yanu. Mabanja ena amaopa kulemba munthu chifukwa adaonapo paipi, njinga kapena nkhuku zikusowa, kapena munthu kulandira ndalama zapatsogolo n'kuzimiririka mvula ili pakati. Mmodzi akachita zotere amatsekera geti anzake khumi. Fikani pa nthawi yake, nenani mukadwala kapena kukagwa zovuta kumudzi, ndipo pemphani musanathyole chipatso. Kukhulupirika ndiye setifiketi yanu, chifukwa ntchito zambiri zotere zimapezeka pomwe bwana wina wauza mnzake kuti munthu uyu ndi wabwino.

Potsiriza, tikonze ndi pakamwa pomwe. Dzina loti galadeniboyi tidalitola kwa atsamunda, omwe ankaitana bambo wa imvi kuti boyi. N'zomvetsa chisoni kumva mwana wa Sitandade 3 akukuwa kuti "iwe" kwa munthu wa msinkhu wa bambo ake, makolo ali pomwepo osadzudzula. Munthuyo ali ndi dzina, ali ndi mfunda, ndipo kwawo ndi mutu wa banja. Ana athu amaphunzira momwe munthu amasungidwira poona zomwe zimachitika pageti pathu mwezi ukatha.

Akuluakulu adati walira mvula walira matope. Wofuna kapinga wobiriwira ndi ndiwo za kuseri kwa nyumba avomerenso kuti pali thukuta la munthu lomwe liyenera kulipidwa, lokwanira ndiponso pa tsiku lake. Wosakwanitsa, chikwakwa chili apo, agwire yekha, palibe amuseke. Koma mwezi uno ukamatha, musanagule mayunitsi a magetsi ndi a foni, yambani mwaitana uja ali panjayo, mumupatse zake.