Guwa ndi Lanu, Ndende si Yanu

Lacisanu lapitali pa wailesi yathu tinatsegula lamya kuti anthu akambepo za ukwati wa amuna okhaokha kapena akazi okhaokha. Ola lathunthu, aliyense woimba anayambira pa Sodomu. Abusa ena anati a Chiluba analengeza kale mu 1991 kuti Zambia ndi dziko la Cikhristu, ndiye nkhani yatha. Ine nchito yanga inali kulumikiza mafoni cabe, koma mtima unali kuwira.

Abusa, pa guwa lanu palibe wokulandani mphamvu. Ku South Africa ukwati wotere unaloledwa mu 2006, ndipo lamulo la kumeneko silikakamiza mbusa kudalitsa cimene cikhulupiriro cake cikana. Ngakhale kuno kwathu, mu December 2023 Papa Francis atalola ansembe kupereka dalitso kwa anthu otere, mabishopu a Katolika anati mu Zambia zimenezo sizicitika. Ananena, ndipo palibe anawamanga. Umenewo ndiwo ufulu wa cipembedzo, ndipo ine ndingaumenyere nkhondo.

Koma mpingo ukakana cinthu, Boma silithamangira kukatenga unyolo. Mwamuna wa mitala mumamuletsa mgonero, pomwe khoti la lokolo limazindikira akazi ake onse. Wosudzulidwa wansembe amamukaniza ukwati waciwiri, iye napita ku kanselo kukasaina. Acigololo ndiye osanena, ena amakhala pa benchi lakutsogolo ndi envulopu ya cakhumi m'manja. Onsewa mumati ndi ocimwa. Ndani mwa iwo munamupemphera zaka 15 m'ndende?

Izi ndizo tinazilumpha pa wailesi. Tinali kukangana za ukwati, pomwe lamulo limene lilipo lero, gawo 155 la Penal Code limene anatisiyira atsamunda a ku Britain, ndi la ndende. Mu 2019 amuna awiri a ku Kapiri Mposhi anaweruzidwa zaka 15. Akuluakulu onse awiri, sanabe ng'ombe, sanagwirire mwana. Kazembe wa America Daniel Foote atadandaula, dziko lonse linakwiyira kazembe mpaka anacoka, amuna aja n'kuiwalika. A Lungu anawakhululukira mu 2020, koma lamulolo likali m'buku.

Kaya ukwati wotere udzaloledwa kuno, imeneyo ndi ya Nyumba ya Malamulo, ndipo mudzakhale omasuka kuutsutsa ndi Baibulo lanu m'manja. Funso limene ndinalephera kufunsa Lacisanu ndi ili: akakhala mwana wanu wobereka, abusa, mudzamuperekeza nokha kupolisi?