ZA MASEWERA: KODI MLANDU NDI WA MPHUNZITSI?

Sabata ino tikambirane funso limene lisautsa eni matimu kulikonse. Ngati timu iyamba bwino masewera koma ndi kumagonja pa mphindi zomaliza, kodi mphunzitsi wake acotsedwe nchito? Citsanzo cathu ticitenga ku America, ku masewera a basketball.

Masewera amenewa afanana ndi netball. Mbali iri yonse ikhala ndi osewera 5, ndipo aponya mpira m'mphete yokhomedwa pamwamba. Mu mpikisano waukulu wa kumeneko wochedwa NBA asewera mphindi 48, zogawidwa m'zigawo zinai. Pa mapeto a nyengo ya masewera matimu akumana awiri-awiri, ndipo imene iyamba kupambana kanai ndiyo ipitirira.

M'caka ca 2020 timu ya Los Angeles Clippers inakumana ndi ya Denver Nuggets. Clippers inapambana katatu, Denver kamodzi cabe. Kunatsala kupambana kamodzi kuti nkhani ithe. Pa masewera acisanu Clippers inatsogola ndi mapointi 16, koma inagonja 111 kwa 105. Pa acisanu ndi cimodzi inatsogola ndi 19, inagonjanso 111 kwa 98. Pa otsiriza inatsogola ndi 12, koma inagwa 104 kwa 89. Tsiku limenelo akatswiri ake awiri, Kawhi Leonard ndi Paul George, sanagoletse kanthu m'cigawo conse comaliza. Pasanathe milungu iwiri, mphunzitsi wao Bambo Doc Rivers anasiyana nayo timuyo.

Ena anati Bambo Rivers analakwiridwa. Munthuyu sanali mlendo pa nchito, pakuti mu 2008 anatenga cikho ca NBA ndi timu ya Boston Celtics. Ndiponso mphunzitsi salowa m'bwalo, ndipo mpira uponyedwa ndi manja a osewera. Mau amenewa ndi oona, koma akulu anati mutu ukakula sulewa nkhonya.

Pa mphindi zomaliza mphunzitsi ali ndi nchito yake imene wina sangamgwirire. Iye ndiye aimitsa masewera kuti anyamata apume ndi kulandira malangizo. Iye ndiye aona amene watopa ndi kulowetsa wina. Iye ndiye asintha kachingidwe ngati adani apeza khomo lolowera. Timu ikagwa usiku umodzi tinganene kuti ndi tsoka. Koma ikagwa katatu motsatizana, m'njira imodzimodzi, tiyenera kufunsa kuti kodi wokhala pambaliyo anali kuona ciani.

Kwa Bambo Rivers sikanali koyamba. Mu 2015 Clippers yomweyo, iri m'manja mwao, inatsogola katatu kwa kamodzi polimbana ndi Houston Rockets. Pa masewera acisanu ndi cimodzi inali patsogolo ndi mapointi 19, koma m'cigawo comaliza Houston inagoletsa 40 pamene Clippers inapeza 15 cabe, ndipo mpikisano wonse unatayika. Mu 2003 zotere zinawagwera ali ndi timu ya Orlando Magic. Motero eni ake a Clippers sanaweruze za usiku umodzi ai, anaweruza cizolowezi. Amene analowa m'malo mwao, Bambo Tyronn Lue, anafikitsa timuyo mu 2021 pa malo pamene patsala matimu anai okha, kumene inali isanafikepo ciyambire.

Komabe tisafulumire kunena kuti mankhwala ndiwo kucotsa mphunzitsi nthawi zonse. Tamverani za timu ina, San Antonio Spurs. Mu 2013 inafika pa mpikisano wothera, kulimbira cikho ndi Miami Heat. Inali itapambana katatu, ndipo pa masewera acisanu ndi cimodzi inatsogola ndi mapointi 5 patatsala masekondi 28. Cikho cinali ngati cafika kale m'manja. Koma osewera awiri, mmodzi wa iwo Kawhi Leonard yemweyo akali mnyamata, anaphonya mipira ya cilango, imene munthu aponya yekha popanda womchinga. Mphunzitsi wao Bambo Gregg Popovich anali atakhazika pambali Tim Duncan, msilikali wao wamtali, pofuna anyamata aliwiro. Mpira utaphonyedwa, Chris Bosh wa Miami ndiye anaulanda m'mwamba ndi kupatsira Ray Allen, amene anagoletsa patatsala masekondi 5. Matimu analingana, ndipo pa nthawi yoonjezera Miami inapambana 103 kwa 100. Inapambananso masewera otsiriza ndi kutenga cikho.

Anthu ambiri anadzudzula Bambo Popovich cifukwa ca Duncan. Koma eni timu anadekha. Anakumbukira kuti munthuyu anali atawabweretsera kale zikho zinai, ndipo kugwa kotere sikunali khalidwe la timu yake. Iye sanabise cironda. Anaphunzitsa anyamata kupatsirana mpira mofulumira osadalira munthu mmodzi. Mu 2014 matimu awiriwa anakumananso, ndipo Spurs inapambana kanai kwa kamodzi. Leonard, amene anaphonya caka catha cija, ndiye anasankhidwa kukhala wosewera wopambana onse pa mpikisanowo. Indedi kuona maso a nkhono n'kudekha.

Nanga kusiyana kuli pati? Matimu onse awiri anataya cinthu cimene cinali m'manja. Koma ina inagwa kamodzi ndi kuphunzirapo, pamene inzake inali kugwera m'dzenje lomwelo mobwerezabwereza.

Cotero ife tikuti, musanacotse mphunzitsi dzifunseni mafunso atatu. Kodi kugonja kumeneku kwabwera kangati, ndipo kwabwera m'njira yofanana? Kodi colakwa cinali m'manja mwa osewera, monga kuphonya mpira wa cilango, kapena m'maganizo a mphunzitsi, monga kusiya wotopa m'bwalo? Kodi iye abvomera colakwa ndi kusintha, kapena angonena kuti mawa ziyenda bwino? Ngati asintha, msungeni ngakhale anthu apokosere. Ngati sasintha, mthokozeni mwaulemu pa zimene anacita, ndipo mufune wina.

Cimene tikana ndico kuweruza mlandu madzulo omwewo a kugonja, mitima ikali kupsa. Inu a makomiti a matimu, yambani mwagona, kukaca muitane mphunzitsi ndi osewera, mumve mbali zonse.