Makungwa Nawonso Ndi Mankhwala

Anzanga a ku sukulu ya za mankhwala, tichite manyazi. Timaloŵeza maina a mapiritsi akunja, koma mitengo ya kuseri kwa nyumba sitiidziŵa. Ine ndinasekedwa m'kalasi nditatchula muwawani umene agogo ankatimwetsa. Kodi kwinini sanachokere m'khungwa la mtengo wa ku Peru? Nanga LA amene tinayamba kumwa mu 2007, gwero lake si chitsamba cha ku China chimene chinapezetsa Tu Youyou mphoto ya Nobel mu 2015? Sindikuti sing'anga aliyense amanena zoona ayi. Ndikuti tipime mizu yake, tidziŵe mlingo, titaye yakupha. Yunivesite imayendera msonkho wa amphaŵi; iwabwezere. Nkhalamba zikutha, ndipo zikupita nazo kumanda nzeruzo.