ZA M'DIMBA: Mvula Yatha, Koma Khasu Lisapachikidwe

Mvula yatitsazika, ndipo mphepo ya mwera yayamba kuomba m'mapiri mwathu muno, kuyambira ku Mvera ndi ku Kongwe kufikira kuphiri la Ntchisi. Ambiri a ife tikatha kukolola timapachika khasu poyesa kuti ntchito ya chaka yatha. Komatu ndiwo zimene ana athu adzadya mu Okutobala ndi Novembala, dzuwa litapsereza zonse, zimakonzedwa m'miyezi ino ya Meyi ndi Juni.

Choyamba, tisatenthe mapesi. Moto umatha m'ola limodzi chakudya chimene nthaka ikadadya chaka chonse, ndipo minda yathu ya m'matsitso imatsala yamaliseche pofika mvula yoyamba. Tidule mapesi a chimanga, tiwayale m'dzenje mosinthana ndi masangwi a mtedza, ndowe za kukhola ndi phulusa pang'ono, tithire madzi. Tikamatembenuza kamodzi pa mwezi, manyowa amapsa pakatha miyezi ngati 3. Koma mapesi a fodya asalowemo, ndipo tomato asabzalidwe pamene panali fodya, pakuti mbewu ziwirizi ndi za mtundu umodzi ndipo zimapatsirana matenda.

Chachiwiri ndi nazale, pajatu m'mera m'poyamba. Bedi likhale la mita 1 m'lifupi kuti dzanja lifike pakati popanda kupondapo. Tifese m'mizere, tiphimbe ndi udzu wouma, ndipo mbewu zikamera tichotse udzuwo. Mbande za kabichi ndi tomato zimaokeredwa pakatha masabata 4 kufikira 6. Za anyezi zimafuna masabata 6 kufikira 8. Tiokere madzulo, dzuwa litapendeka.

Chachitatu, tichenjere ndi chisanu. Usiku wa Juni ndi Julayi mpweya wozizira umatsetsereka m'mapiri ngati madzi nukadikha pansi pa dambo. Kumeneko tiikeko mpiru, repu, kabichi ndi anyezi, zimene zimapirira kuzizira. Tomato ndi nyemba tiziike chakumtunda. Amene tibzala chimanga cha m'dimba tiziyang'ana m'mitima mwake sabata lililonse, pakuti mbozi za ntchemberezandonda, zimene zinalowa m'dziko muno m'nyengo ya 2016/17, zimabisala m'menemo. Ndipo m'mphepete mwa mtsinje tisiyemo bango ndi udzu: amene alima kufikira pagombe adzaona dimba lake likupita ndi madzi mu Januwale.

Chachinayi ndi mpanda. Kukolola kukatha, mbuzi ndi ng'ombe zimatayiriridwa, ndipo chobiriwira chimene zimaona ndi dimba lokha. Ife akulu a mpingo timadziwa kuti chaka ndi chaka Akhristu oyandikana amaleka kupatsana moni chifukwa cha mbuzi imodzi ndi bedi limodzi la kabichi, ena mpaka kupewa Mgonero. Kumanga mpanda lero n'kopepuka kuposa kuyanjanitsa abale mawa. Nayenso mwini mbuzi akumbukire kuti kukonda mnansi kumayambira pakhomo la khola.

Amayi, masamba a khwanya, chitambe ndi nkhwani amene akadali aawisi musawaleke aume m'munda. Awiritseni pang'ono, muwayanike pamthunzi podutsa mphepo kuti asataye kubiriwira kwake, ndipo mfutsowo muusunge m'chikwatu kapena m'mbiya youma.

Kwa inu anyamata ndi atsikana titi: pemphani makolo akupatseni bedi lanulanu. Kuthirira m'mawa musanapite kusukulu sikupha munthu. Kabichi wanu akakagulitsidwa pamsika wa Mponela kapena pa Boma la Ntchisi, makope ndi sopo mudzagula ndi thukuta lanu, ndipo pa tsiku la zamasika mudzafika m'nyumba ya Mulungu muli ndi chanu m'manja. Madzulo ano pa mapemphero a banja werengani za nyerere pa Miyambo 6, ndipo mawa kukacha titsikire limodzi kudimba.