Magetsi a ku Cipatala Sapha Asilikali a M'thupi

M'makomboni mumamveka mau akuti wodwala maganizo akapatsidwa magetsi kumutu, thupi lake limatha mphamvu ndipo matenda alionse amam'gwila msanga. Cifukwa ca mau amenewa, abale ena amakana kusaina cilolezo, ena amam'cotsa mu wadi asanatsilize. Uku ndi kulakwa, makamaka ngati munthuyo waleka kudya ndi kulankhula, kapena afuna kudzipha.

Cithandizo cimeneci, cochedwa ECT, cinayamba ku Rome mu 1938. Masiku ano wodwala amayamba wagonekedwa tulo ndi nyeleti, napatsidwa mankhwala ofewetsa minofu. Cimacitika kawili kapena katatu pa sabata, ndipo ambili amafunika maulendo 6 mpaka 12.

Nanga asilikali a m'thupi? Pomenyana ndi tizilombo, iwo amatulutsa timadzi totumizilana uthenga, monga IL-6 ndi TNF, timene timabweletsa kutupa ndi kutentha thupi. Amene anadwalapo malungo adziwa bwino: munthu safuna nsima, safuna anthu, angofuna kufunda bulangeti. Mwa ena odwala cisoni cacikulu, timadzi timeneti timapezeka toculuka m'magazi ngakhale alibe malungo kapena cilonda.

Pambuyo pa ECT, IL-6 imakwela kwa maola ocepa, monga mmene thupi limacitila likadzidzimuka, kenaka imatsika. Ku Norway mu 2003, madotolo anapeza kuti TNF imene inali yokwela mwa odwala inatsika pang'onopang'ono pamene maulendo anali kupitilila, mpaka kufanana ndi ya anthu athanzi. Odwala amene anapimidwa anali ocepa, komabe zimene zinaoneka si asilikali akufa, koma asilikali amene aleka kumenya nkhondo popanda mdani.

Vuto leni-leni limene banja liyenela kukonzekela ndi kuiwala. Wodwala angaiwale zimene zinacitika m'masiku a cithandizo, ndipo mutu ungamuwawe. Kuiwalako kumacepa pakapita masabata, ngakhale kuti ena zinthu zina sazikumbukilanso. Abale ali ndi ufulu wofunsa dotolo za zimenezi, ndiponso ngati wodwalayo adzagonekedwa tulo, pakuti bungwe la WHO limaletsa kupatsa ECT munthu ali maso.

Komanso pasapezeke wina amene wamva za kutupa, nathamangila pa kantemba kukagula Brufen kuti acilitse maganizo a m'bale wake. Akamwedwa masiku ambili, mapilisi amenewa amakanda m'mimba ndi kuononga impso.