KULAWA VINYO NDI LUSO LOPHUNZIRIKA, SI MWAMBO WA AZUNGU OKHA

M'chaka cha 2017, m'chigawo cha Burgundy m'dziko la France, munasonkhana akatswiri olawa vinyo ochokera m'maiko 24 kudzayesana nzeru. Mpikisano umenewu umakonzedwa chaka ndi chaka ndi magazini yotchedwa La Revue du Vin de France, ndipo malamulo ake ndi ovuta zedi. Gulu lililonse limapatsidwa mitundu 12 ya vinyo m'matambula osalembedwa dzina, ndipo mwa kupenya, kununkhiza ndi kulawa kokha liyenera kutchula mtundu wa mphesa, dziko ndi dera kumene mphesazo zinalimidwa, amene anapanga vinyoyo, ndi chaka chimene anakolola.

Pakati pa akatswiriwo panali amuna anayi oimira dziko la Zimbabwe, ndiwo Bambo Joseph Dhafana, Bambo Tinashe Nyamudoka, Bambo Marlvin Gwese ndi Bambo Pardon Taguzu. Onsewa anachoka kwawo pa nthawi ya mavuto a chuma napita kukafuna ntchito ku South Africa, monga momwe achitira ana ambiri a dziko lino, ndipo asanafike kumeneko vinyo sankamudziwa. Bambo Dhafana anayamba ndi ntchito ya m'dimba, kenaka yotsuka mbale, kenaka yoperekera zakudya, kufikira anakhala mkulu woyang'anira vinyo pa La Colombe, malo odyera otchuka a ku Cape Town. Chaka choyambacho gulu lawo linakhala pa nambala 23. Silinataye mtima, ndipo litabwereranso m'chaka cha 2018 linakwera kufika pa nambala 14.

Nkhani imeneyi iyenera kuganiziridwa bwino kuno kwathu, pakuti alipo ambiri amene amayesa kuti kulawa vinyo ndi kumuyenereza ndi chakudya ndi chinsinsi cha Azungu, kapena matama a anthu olemera. Maganizo otere ndi olakwa. Ntchitoyi ndi luso monga ukalipentala kapena utelala. Ili ndi malamulo ake omveka, ndipo munthu aliyense wodekha akhoza kuiphunzira nadyetsa nayo banja lake.

Chiyambi cha maganizo olakwawa

Sikovuta kuona kumene maganizowa anachokera. Vinyo woyamba ku Cape anafinyidwa m'chaka cha 1659, m'masiku a Jan van Riebeeck, ndipo Afalansa othawa mazunzo a chipembedzo amene anafika m'chaka cha 1688 anakulitsa ulimi wa mphesa m'chigwa cha Franschhoek. Koma manja amene ankalima ndi kukolola anali a akapolo, ndipo pambuyo pake a antchito osauka. Kufikira chaka cha 1962 lamulo la South Africa silinkalola anthu akuda kugula vinyo ndi zakumwa zina zachizungu. Pamene lamulo linali kuwaletsa chotero, m'mafamu a mphesa antchito ankapatsidwa vinyo wachabechabe ngati gawo la malipiro awo, mwambo woipa wotchedwa dop, umene unasiya uchidakwa ndi ana obadwa olumala m'mabanja ambiri. Chotero Mwafirika ankaloledwa kuledzera, koma sankaloledwa kudziwa. Amuna anayi a ku Zimbabwe aja anaonetsa kuti chimene chinkasowa si lilime kapena mphuno, koma mwayi wa kuphunzira.

Ndiponso Afalansa eni ake anaphunzitsidwa kudzichepetsa pa nkhani yomweyi. M'chaka cha 1976 mu mzinda wa Paris, Mngelezi wogulitsa vinyo, Bambo Steven Spurrier, anaitana akatswiri a ku France kuti alawe vinyo wa kwawo pamodzi ndi wa ku California maina atabisidwa. Akatswiriwo anapereka ulemu woyamba kwa vinyo wa ku California, wofiira ndi woyera yemwe. Kuyambira pamenepo zinadziwika kuti dzina lalikulu la pa botolo si ndilo liweruza, koma chimene chili m'tambula.

Malamulo ake a ntchitoyi

Wolawa vinyo amayamba ndi maso, kuona mtundu ndi kuyera kwake. Kenaka amazunguza tambula pang'ono kuti fungo lituluke, nanunkhiza, pakuti mbali yaikulu ya chimene anthu amachitcha kukoma imamveka ndi mphuno. Pomaliza amaika vinyo pang'ono m'kamwa, namuyendetsa pa lilime lonse kuti amve zinthu zinayi: kutsekemera, kuwawasa, ukali wa mowa, ndi kukhakhala kumene kumatsala m'kamwa. Atatero amalavula. Mfundo imeneyi aisunge iwo amene amati wolawa vinyo ndi chidakwa chovala tayi; pakuti munthu amene ameza matambula 12 sangathe kusiyanitsa lachisanu ndi lachikhumi.

Kukhakhala kuja kumachokera ku chinthu chotchedwa tannin, chimene chimapezeka m'makungu ndi m'njere za mphesa, ndipo n'chochuluka mu vinyo wofiira chifukwa iye amawira pamodzi ndi makungu ake. Aliyense amene anamwapo tiyi wakuda wofulula kwambiri wopanda mkaka akuchidziwa. Monga momwe mkaka umafewetsera tiyi wotere, momwemonso nyama yonona imafewetsa vinyo wofiira. N'chifukwa chake Cabernet Sauvignon, kapena Pinotage amene mphesa zake anazibereketsa Pulofesa Abraham Perold ku Stellenbosch m'chaka cha 1925, amayenerana ndi nyama ya ng'ombe kapena ya mbuzi yootcha.

Nsomba ili ndi lamulo lina. Mayi wodziwa kuphika amafinyira ndimu pa chambo chokazinga kuti kuwawasa kudule mafuta. Vinyo woyera wowawasa pang'ono, monga Chenin Blanc kapena Sauvignon Blanc, amagwira ntchito yomweyo. Vinyo wofiira kawirikawiri amasiya fungo loipa la nsomba m'kamwa, ndipo akatswiri a sayansi a ku Japan anaonetsa m'chaka cha 2009 kuti chochititsa ndi chitsulo chochepa chimene chimapezeka mu vinyoyo. Chakudya cha tsabola wa kambuzi sichifuna vinyo waukali, pakuti mowa umaonjezera moto wa tsabola. Chimafuna vinyo wozizira, wotsekemera pang'ono. Ndipo pa zakudya zotsekemera zotsirizira, vinyo ayenera kuposa chakudyacho kutsekemera, apo ayi amamveka wowawasa ngati viniga.

Palinso nkhani ya kutentha. Mabuku a ku Ulaya amati vinyo wofiira amwedwe pa kutentha kwa m'nyumba, koma amanena za nyumba zozizira za kwawo, za madigiri 16 kapena 18. Woperekera amene atsata mawuwo ku Salima kapena ku Mangochi m'mwezi wa October, pamene kutentha kumapitirira madigiri 30, adzaika pa tebulo vinyo wofunda womveka mowa wokhawokha. Wanzeru amaliziziritsa botolo pang'ono asanalitsekule. Apa ndi pamene paonekera kusiyana kwa munthu woloweza ndi munthu womvetsa.

Phindu lake kwa dziko lino

Wina angafunse kuti, kodi zimenezi zikhudza bwanji dziko limene anthu ake ambiri chakumwa chawo ndi thobwa ndi maheu? Yankho lili m'mphepete mwa nyanja. Boma linaika ntchito yokopa alendo pakati pa njira zotukulira dziko m'masomphenya a Malawi 2063, amene anakhazikitsidwa m'chaka cha 2021. Mlendo amene walipira ndalama zambiri kudzaona Cape Maclear kapena nyama za ku Liwonde amakhala pa tebulo madzulo aliwonse, ndipo munthu amene amayankhula naye nthawi yaitali si nduna kapena mwini hotela, koma woperekera zakudya. Woperekerayo akangoti vinyo alipo wofiira ndi woyera, mlendo amagula tambula limodzi nangokhala chete. Koma akatha kufotokoza mwaulemu chifukwa chake kampango wootcha afuna vinyo wakutiwakuti, mlendoyo amakondwa, hotela imapindula, ndipo ulemu wa woperekerayo ndi malipiro ake zimakwera. Ntchito imene Afalansa amaitcha sommelier ndi makwerero enieni kwa mnyamata kapena mtsikana amene anayamba ndi kupukuta matebulo.

Luso lotere si lachilendo konse m'dziko muno. M'minda ya tiyi ya ku Thyolo ndi ku Mulanje muli Amalawi amene ntchito yawo ndi kulawa tiyi: amapenya, amanunkhiza, amapsontha ndi kulavula, ndipo mtengo wa tiyi pa msika wa ku Limbe umatsamira pa chiweruzo cha anthu otere. Lilime limene litha kusiyanitsa tiyi wa munda uwu ndi wa munda uwo silingalephere kusiyanitsa mphesa. N'koyenera tsono kuti sukulu ya Malawi Institute of Tourism pamodzi ndi eni mahotela alimbikitse phunziro limeneli, ndi kuti liphunzitsidwe ndi zakudya za konkuno, chambo, nkhuku yachikuda ndi ndiwo zotendera, osati za m'mabuku a ku Ulaya zokha.

Chenjezo losayenera kubisidwa

Komabe nkhaniyi ingakhale yonyenga ngati ingabise zoopsa. Vinyo ndi mowa, ndipo ukali wake umaposa wa mowa wa m'mabotolo wamba kawiri kapena katatu. M'chaka cha 2023 bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO linanena poyera kuti palibe muyeso wa mowa umene ungatchedwe wosavulaza thupi. Mayi woyembekezera, woyendetsa galimoto ndi mwana sayenera kuukhudza. Iwo amene samwa chifukwa cha chipembedzo, Akhristu ndi Asilamu omwe, ali ndi chifukwa chomveka, ndipo woperekera wophunzira bwino adzawalemekeza powasankhira madzi a bwemba, a malambe kapena a chidede oyenerana ndi chakudya chawo, pakuti malamulo a kuwawasa ndi kutsekemera ndi omwewo. Cholinga cha luso limeneli si kuchulukitsa akumwa, koma kuti chakumwa chikhale mtumiki wa chakudya, ndipo amene akumwa amwe pang'ono, mozindikira.

Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Amuna anayi aja anadekha zaka zambiri, akuwerenga usiku atatopa ndi ntchito, ndipo ena a iwo anafika pokhala ndi vinyo wa maina awoawo, monga Mosi wa Bambo Dhafana ndi Kumusha wa Bambo Nyamudoka. Achinyamata a dziko lino amene ali m'mahotela, kuno kwathu ndi ku Cape komwe, njira yomweyo ndi yotseguka kwa iwo. Chotsala ndi chakuti eni mahotela ndi aphunzitsi awapatse mabuku, nthawi ndi chilimbikitso.