Keke yovala nkhope ya chipisi

Pa Facebook ndi TikTok patchuka timakeke tonyenga maso. Kuona ngati baga kapena chipisi chothira tomato, ukaluma n'kupeza kuti ndi keke yotsekemera. "Nyama" yake ndi chokoleti, "tomato" wake ndi jamu wofiira. Ophika ena achinyamata akutengera luso limeneli, ndipo palibe cholakwa.

Koma wophika wa m'mbali mwa mtsinje wa Rivirivi, kaya ku Utale kaya pa Balaka, ayambe wawerengera. Tirigu wambiri amene Malawi amagwiritsa ntchito amachokera kunja, ndipo kuchokera pomwe kwacha idagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ufa, majarini ndi zopaka utoto zidakwera mtengo. Onjezaninso dzuwa la Okutobala la m'chigwa cha Shire. Kirimu wa majarini salimba pa lichero popanda firiji, ndipo pofika masana baga uja wasanduka phala.

Chigumu sichiopa dzuwa. Ufa wa mgaiwa, nthochi zakupsa, soda ndi makala pansi ndi pamwamba pa poto, basi. Zitumbuwa nazo zimagulidwa m'misika ya Liwonde ndi Ulongwe popanda wozijambula.

Luso lokongoletsa likadayambira pamenepo. Mbatata yofiira mkati imapereka mtundu popanda botolo la kusitolo, ndipo ikadulidwa motalika imafanana kale ndi chipisi cha pachiwaya. Chigumu chophikira m'zikho zazing'ono, chokonzedwa ngati kanyenya, mwana wa ku Balaka angachizindikire msanga kuposa baga. Ophika ayesere kaye zimenezi asanaitanitse zida ku Blantyre.